Nyumba ya Mabuku Ithandiza Bwanji Ana Athu?

Mawu amene anakambidwa pamsonkhano wa mafumu, makolo ndi aphunzitsi

Lero ndifuna kukamba nanu za nyumba ya mabuku, imene ena aitcha laibulale. Imeneyi ndi nyumba, kapena chipinda, kapena bokosi chabe, m'mene asungamo mabuku kuti munthu aliyense abwere kudzawerenga, kapena abwereke buku, apite nalo kwawo, ndipo akatha kuwerenga alibweze kuti mnzake awerengenso.

Kapena ena mwa inu muli kunena mumtima kuti, "Nanga ana athu sapita kusukulu? Kodi kuwerenga saphunzira komweko? Tsono nyumba ina ya mabuku njachiyaninso?" Funso limeneli nlabwino, ndipo yankho lake mwachidule ndi ili: sukulu iphunzitsa mwana malembo, koma chimene chimsandutsa munthu wodziwa kuwerenga ndicho kuwerenga kumene, tsiku ndi tsiku, mabuku ambiri amene iye mwini awakonda. Mwana wodziwa malembo koma wopanda mabuku ali ngati mnyamata amene mwamuonetsa kagwiridwe ka khasu koma simunampatse munda.

M'MENE ZINTHU ZILILI

Monga mudziwa, m'chaka cha 1994 Boma linachotsa ndalama za sukulu ku pulaimale. Ana anathamangira kusukulu, ndipo m'chaka chimodzi chokha chiwerengero chawo chinakwera kuchokera pafupifupi 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ichi chinali chinthu chokondweretsa ndithu. Koma ana atachuluka chotero, zipinda, aphunzitsi ndi mabuku sizinachuluke molingana nawo. Aphunzitsi amene muli pano mundichitira umboni kuti m'makalasi oyamba mphunzitsi mmodzi aimirira pamaso pa khamu la ana, ndipo buku limodzi aligawana ana angapo. Belu likalira, mabuku abwerera m'kabati, ndipo mwana apita kwawo chimanjamanja.

Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 ndi kuposapo, pafupifupi 69 ndiwo odziwa kuwerenga ndi kulemba. Anapezanso kuti akazi odziwa kuwerenga ngochepa poyerekeza ndi amuna. Ganizani tanthauzo lake. Munthu wosawerenga akalandira kalata, kapena pepala la kuchipatala, kapena malangizo olembedwa pa botolo la mankhwala a mbewu, ayenera kufuna wina womwerengera, ndipo chinsinsi chake chonse chikhala m'manja mwa mnzakeyo. Pogulitsa fodya kapena mtedza, adinda chala pa pepala limene sadziwa kuti linena chiyani.

Boma linaona vuto limeneli, ndipo m'chaka cha 2016 linayamba ndondomeko yophunzitsa kuwerenga m'dziko lonse, ya ana a Sitandade 1 mpaka Sitandade 4. Ntchito imeneyi njabwino. Koma maola a m'kalasi ngochepa, ndipo ana ngambiri. Mbali yotsalayo njathu ife eni ana.

MWANA APHUNZIRA BWANJI KUWERENGA?

Ife tili ndi mwayi, pakuti Chichewa chilembedwa monga momwe tichiyankhulira. Malembo a liwu alipo asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo mwana akadziwa maphatikizo angathe kuwerenga mawu alionse. Koma pachiyambi awerenga pang'onopang'ono, phatikizo limodzilimodzi: ma, la, ya. Nzeru zake zonse zithera pa kulumikiza maphatikizowo, kotero kuti pofika kumapeto kwa chiganizo waiwala kale chimene chinali kuchiyambi. Mukamfunsa kuti, "Wawerenga chiyani?" angokuyang'anani. Musanene kuti mwanayo ngopusa. Iye wangosowa kuzolowera.

Kumbukirani m'mene munaphunzirira kupalasa njinga. Tsiku loyamba maso anu onse anali pa mapazi, ndipo munagwera m'tchire. Koma mutapalasa masiku ambiri, mapazi anayamba kudzichitira okha, ndipo munayamba kuona njira, kupereka moni kwa anthu, ngakhale kunyamula thumba la chimanga pambuyo. Kuwerenga kulinso chimodzimodzi. Mwana akawerenga kawirikawiri, maso ake azindikira mawu athunthu msanga, ndipo nzeru zake zimasuka kuti ziganize za nkhani yeniyeniyo. Apo mpamene kuwerenga kuyamba kukoma.

Tsono buku limodzi la m'kalasi silikwanira kumzoloweretsa mwana. Akaliwerenga kangapo angoliloweza pamtima, ndipo alinena ngati nyimbo, maso ali kudenga. Makolo ambiri anyengedwa nazo zimenezi, nayesa kuti mwana wawo adziwa kuwerenga. Myeseni ndi pepala lina limene sanalione, ndipo mudzadziwa zoona. Mwana asowa mawu atsopano ndi nkhani zatsopano tsiku lililonse, zosavuta poyamba, kenaka zovutirapo pang'ono. Palibe kholo pakati pathu limene lingathe kugulira mwana wake mabuku makumi asanu. Koma mudzi wonse pamodzi ungathe kukhala nawo, ndipo buku limodzi lingadutse m'manja mwa ana makumi ambiri. Umenewu ndiwo ubwino woyamba wa nyumba ya mabuku.

Palinso chinthu china chimene aphunzitsi achiona chaka ndi chaka. Mwana amene awerenga mosavuta akonda kuwerenga, ndipo powerenga zambiri adziwa mawu ambiri, ndipo kuwerenga kumpepukiranso. Koma amene avutika athawa buku, ndipo pothawa buku atsalira. Ana awiri amene anasiyana pang'ono chabe ku Sitandade 2 asiyana kutali pofika Sitandade 5, pamene maphunziro ambiri ali m'Chingerezi. Wotsalirayo abwereza kalasi, achita manyazi, ndipo potsiriza asiya sukulu. Akulu anati m'mera mpoyamba. Buku lifunika mwana akali wamng'ono, osati pamene mayeso a Sitandade 8 ayandikira.

Zimenezi sizongoganizira chabe, pakuti anthu ophunzira anaziyesa. Ku zilumba za Fiji, kutali m'nyanja ya Pacific, kuli ana a kumidzi amene kwawo ayankhula chinenero chawo koma kusukulu aphunzira Chingerezi, monga ana athu omwe. M'chaka cha 1980 akatswiri awiri, a Warwick Elley ndi a Francis Mangubhai, anaika mabuku a nthano okwana ngati 250 m'kalasi iliyonse ya masukulu ena a kumidzi, ndipo ana ankawerenga kapena kuwerengeredwa mphindi 20 mpaka 30 tsiku lililonse. Masukulu ena anapitiriza kuphunzira monga kale. Itatha miyezi 8, ana amene anali ndi mabuku aja anali atapita patsogolo pa kuwerenga ndi kumvetsa pafupifupi kawiri kuposa m'mene ana apitira masiku onse. Sanawamangire zipinda zatsopano ayi. Anangowapatsa mabuku okoma ndi nthawi yowerengera.

MNYAMATA WA KU WIMBE

Ubwino wachiwiri wa nyumba ya mabuku ndi wakuti ipatsa mwana nzeru zopanga zinthu zatsopano. Pa ichi sindifuna kupita kutali, pakuti chitsanzo chili konkuno kwathu.

M'boma la Kasungu, m'dera la Wimbe, muli mudzi wa Masitala, kwawo kwa William Kamkwamba, amene anabadwa m'chaka cha 1987. Ambiri a inu mukumbukira njala yoopsa ya 2001 ndi 2002. Njalayo inagwa William atangoyamba sekondale, ndipo makolo ake, amene anali alimi monga ife tomwe, analephera kumlipirira. Anasiya sukulu. Koma pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe panali kachipinda kakang'ono ka mabuku ochokera ku America, ndipo William anayamba kupita kumeneko kuti asaiwale zimene anzake anali kuphunzira. Anapeza mabuku a sayansi ofotokoza za magetsi, ndipo tsiku lina anaona buku lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake panali chithunzi cha makina oyenda ndi mphepo.

Chingerezi chake chinali chochepa. Tsono ankayang'anitsitsa zojambula za m'mabukumo, nafunafuna mawu ofotokoza chojambula chilichonse, mpaka anamvetsa kuti mphepo ikazunguza mapiko, mapikowo angazunguze kachipangizo kotulutsa magetsi. Anayamba kutola zitsulo zotayidwa. Anapeza chokupizira cha injini ya thirakitala. Anafewetsa mapaipi a pulasitiki pamoto nawawongola kuti akhale mapiko. Anatenga njinga yakale ya atate ake ndi dayinamo ya njinga, naimika nsanja ya mitengo ya bulugamu yotalika ngati mamita 5. Anthu a m'mudzi ankati mnyamatayo wachita misala. Koma mphepo itawomba, mapiko anazungulira ndipo babu linayaka. Iye anali ndi zaka 14. Pambuyo pake makinawo ankayatsa mababu anayi m'nyumba ya makolo ake ndi kuliza wailesi, ndipo anthu ankabwera kudzatchajitsa mafoni awo.

Nkhani yake inatuluka m'nyuzipepala m'chaka cha 2006, ndipo m'chaka cha 2007 anaitanidwa kukayankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Anthu anamthandiza kubwerera kusukulu. M'chaka cha 2009 iye ndi a Bryan Mealer anatulutsa buku la moyo wake lotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, m'chaka cha 2014 anatsiriza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America, ndipo m'chaka cha 2019 nkhaniyo anaipanga filimu.

Ndifuna kuti muone zinthu zitatu m'nkhani imeneyi. Choyamba, chipinda cha mabuku chija chinali chaching'ono, pasukulu ya kumudzi ngati yathu ino. Chachiwiri, chitseko chake chinali chotsegukira ngakhale mwana amene anasiya sukulu. Akadambweza pakhomo chifukwa dzina lake silinali m'kaundula wa sukuluyo, bwenzi lero palibe amene akanamdziwa. Chachitatu, bukulo silinamuuze kuti atenge njinga ya atate ake kapena mitengo ya bulugamu. Buku linampatsa ganizo, mudzi unampatsa zipangizo, ndipo iye mwini anaziphatikiza. Umo ndi m'mene luso libadwira: chimene mwana wawerenga chikumana ndi chimene achiona pakhomo pawo.

William sanali woyamba kutsegulidwa njira ndi nyumba ya mabuku. M'chaka cha 1958 mnyamata wina wa kumpoto kwa dziko lathu, Legson Kayira, amene anaphunzira ku Livingstonia, ananyamuka wapansi kukafuna maphunziro a ku America. Atafika ku Kampala, m'dziko la Uganda, analowa m'nyumba ya mabuku, napeza buku la mayina a makoleji a ku America. Analemba kalata ku Skagit Valley College, ndipo anamlandira. Anafika kumeneko m'chaka cha 1960, ndipo m'chaka cha 1965 anatulutsa buku la ulendo wake lotchedwa I Will Try. Pambuyo pake analembanso mabuku ena a nkhani zopeka. Akulu anati safunsa anadya phula. Nyumba ya mabuku ndiyo malo amene mwana wosauka angafunse funso lililonse popanda womseka ndiponso popanda kulipira.

Sindinena kuti mwana aliyense wowerenga adzapita ku America ayi. Koma yang'anani ana anu. Iwo apanga kale galimoto za mawaya, aumba ng'ombe za dongo, amanga mpira wa mapepala, apeka nyimbo pamasewera awo. Luso ali nalo kale. Chimene asowa ndi chakudya cha lusolo. Mwana wopanga galimoto za mawaya akapeza buku lofotokoza kayendedwe ka injini, mawa adzakhala makaniko wodziwa ntchito yake. Mtsikana wokonda kuumba kapena kusoka akaona zithunzi za ntchito za anthu a kwina, adzayesa njira imene amayi ake sanaidziwe.

MABUKU A M'CHINENERO CHATHU

Ena aganiza kuti buku lenileni ndi la Chingerezi lokha. Ganizo limeneli nlolakwa. Mwana aphunzira kuwerenga msanga m'chinenero chimene achimva kale, pakuti akatchula mawu adziwa pomwepo tanthauzo lake. Akazolowera kuwerenga Chichewa, luso lomwelo apita nalo ku Chingerezi, monga munthu wodziwa kulima chimanga savutika kuphunzira kulima soya. Chimodzimodzinso ana a Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga ndi zinenero zina: buku la m'chinenero cha amayi awo ndilo khomo lawo loyamba.

Ndiponso tili nawo alembi athu. A Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo, buku limene linatuluka m'chaka cha 1933 litapambana pampikisano wa mabuku a zinenero za mu Africa, ndipo linamasuliridwanso m'Chingerezi. Iwo omwewo analemba Mbiri ya Achewa. A John Gwengwe analemba Kukula ndi Mwambo ndiponso Sikusinja ndi Gwenembe. A E. J. Chadza analemba Kokha Mcheperawakalulu ndi Ntchito za Pakamwa. A Willie Zingani analemba Njala Bwana ndi Madzi Akatayika, ndipo a Jolly Max Ntaba analemba Mtima Sukhuta. Ambiri a inu munawerenga ena mwa mabuku amenewa muli pasukulu. Kodi ana anu anawaonapo? Mwana akawerenga buku lonena za mudzi wonga wake, lolembedwa ndi munthu wa dzina longa lake, ayamba kuganiza kuti, "Kodi nanenso sindingalembe?" Alembi a mawa adzachokera mwa ana owerenga a lero.

TINGAYAMBE BWANJI?

Musaganize kuti nyumba ya mabuku ifuna njerwa zowotcha ndi malata tisanayambe. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Nazi zinthu zisanu zofunika.

Choyamba ndi malo. Ngodya ya kalasi, chipinda cha pa tchalitchi kapena pa mzikiti, kapena nyumba imene amfumu angapereke, zonsezi nzokwanira. Adani a buku ndi atatu: madzi, chiswe ndi makoswe. Tsono denga lisadonthe, ndipo mabuku asakhale pansi kapena kutsamira khoma. Bokosi lachitsulo loikidwa pa njerwa lisunga mabuku bwino. Koma nthawi yowerenga ikakwana, mabuku atuluke m'bokosimo, ayalidwe pamphasa kapena apachikidwe pa chingwe, zikuto zake zili kuonekera, pakuti mwana wamng'ono asankha buku ndi maso.

Chachiwiri ndi mabuku. Dziko lathu lili ndi bungwe la National Library Service, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1967. Likulu lake lili ku Lilongwe, lili ndi nthambi ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma ena, ndipo lithandiza masukulu ndi midzi ndi mabuku. Linasindikizanso mabuku a ana otchedwa Werengani, ndipo lilandira mabuku kuchokera ku mabungwe akunja monga Book Aid International la ku Britain. Aphunzitsi aakulu pamodzi ndi komiti ya sukulu alembe kalata yopempha, ndipo afunsenso nzeru kwa mlangizi wa maphunziro wa dera lino. Amene ali ndi foni ya intaneti angapeze nthano za ana zaulere pa African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la ku South Africa, m'mene muli nthano za zinenero zambiri za mu Africa, ndipo aloleza kuzisindikiza pa pepala. Musaiwalenso ana a mudzi uno amene ali pantchito m'tauni kapena kunja. Akamabwera kudzacheza, apempheni kuti pamodzi ndi shuga ndi sopo anyamulenso buku limodzi la ana. Koma posonkhanitsa mabuku sankhani bwino. Mabuku khumi a nthano okhala ndi zithunzi ndi malembo aakulu aposa mabuku zana a ku koleji amene palibe mwana angawamve.

Chachitatu ndi wosunga mabuku. Uyu ndiye mtima wa ntchito yonse. Akhale munthu wokonda ana, wosakalipa, wosunga nthawi. Angakhale mphunzitsi wopuma pantchito, kapena mnyamata kaya mtsikana amene anatsiriza Fomu 4 ndipo ali pakhomo. Mudzi umuganizire ndi kanthu pa nthawi yokolola, kuti asafooke.

Chachinayi ndi kaundula. Kope limodzi nlokwanira. Mulembemo dzina la buku, dzina la wobwereka, mudzi wake, tsiku lotenga ndi tsiku lobweza. Sabata imodzi kapena ziwiri ndi nthawi yokwanira. Malamulo akhale ochepa: kusamba m'manja, kusapinda masamba, ndi kunyamula buku m'kathumba ka pulasitiki nthawi ya mvula.

Chachisanu ndi nthawi. Masiku otsegula adziwike kwa onse ndipo asasinthesinthe, monga masana awiri pa sabata ndi Loweruka m'mawa. Makamaka patchuthi chachikulu chitseko chisatsekedwe, pakuti mwana amene akhala milungu yambiri osaona malembo abwerera kusukulu ataiwala zambiri.

MABUKU OPANGA TOKHA

Palinso njira ina yochulukitsira mabuku popanda ndalama zambiri, ndipo njira imeneyi ikulitsa luso la ana kuposa zonse. M'mudzi uno muli agogo odziwa nthano za Kalulu ndi Fisi, ndagi, miyambi, mayina a mitengo ndi ntchito zake, ndiponso mbiri ya kumene makolo athu anachokera. Agogo amenewa ndi nyumba za mabuku zoyenda ndi miyendo, koma sadzakhala nafe masiku onse. Tumani ana a Sitandade 6, 7 ndi 8 kuti akakhale pansi kwa agogo awo, amve nthano, ailembe bwino, wina wodziwa kujambula aikemo zithunzi. Mphunzitsi akonze zolakwa. Kenaka asoke mapepalawo ndi singano ndi ulusi, chikuto chikhale cha katoni, ndipo pachikutopo alembe dzina la agogo amene anakamba ndi dzina la mwana amene analemba. Bukulo liikidwe pamodzi ndi mabuku ena, kuti ana a Sitandade 2 aliwerenge. Mwana amene waona anzake ali kubwereka buku lokhala ndi dzina lake sadzaopanso cholembera.

Wosunga mabuku aziwerengeranso ana nthano mokweza mawu, mphindi 20 zokha. Pakati pa nthano aime, afunse kuti, "Muganiza kuti Kalulu achita chiyani tsopano?" Nthano ikatha, ana aijambule, kapena aichite sewero, kapena apeke mathero ena. Pamenepo mwana aphunzira kuganiza yekha, osati kungobwereza za ena.

ZODANDAULA ZINA

Ndidziwa kuti ena adzati, "Ana adzang'amba mabuku." Inde, ena adzang'ambika, ndipo ena adzasowa. Koma ndikufunseni: kodi khasu losungidwa padenga kuopa kuti lingathe, lidyetsa banja? Pali masukulu amene analandira mabuku abwino, nawatsekera m'kabati kuopa kuti angade, mpaka chiswe chinawadya osawerengedwa ndi mwana ndi mmodzi yemwe. Buku lakuda ndi zala za ana lagwira ntchito yake. Long'ambika timata ndi kulisoka. Mwana akataya buku, mukambirane ndi makolo ake mofatsa, koma musammenye kapena kumthamangitsa, pakuti anzake akaona zimenezo adzaopa kubwereka.

Ena adzati, "Masiku ano zonse zili pa foni." Foni ithandiza ndithu, koma yothandiza munthu wodziwa kale kuwerenga. Ndiponso m'nyumba zambiri foni ndi imodzi, ikhala m'thumba la abambo, ndipo ifuna moto ndi mayunitsi. Buku silifuna batire, ndipo mwana angapite nalo kubusa.

Enanso adzati, "Ana ali ndi ntchito pakhomo." Nzoona, ndipo mwana ayenera kuphunzira ntchito. Koma tiyeni tinene chilungamo: mnyamata akaweruka kusukulu apeza nthawi yosewera, pamene mlongo wake apita kumadzi, kunkhuni ndi kumtondo mpaka kuda. Tikapanda kusamala, nyumba ya mabuku idzadzaza anyamata okhaokha. Gawani ntchito mofanana, ndipo nthawi yotsegula ikhale ya masana, kuti atsikana abwerere kwawo dzuwa lisanalowe. Mtsikana wowerenga ndiye mayi wa mawa amene adzawerenga yekha khadi la kusikelo ndi kuthandiza ana ake ntchito ya kusukulu.

NTCHITO YA ALIYENSE

Kwa inu mafumu ndi anyakwawa, pempho langa ndi malo ndi mawu anu. Mukanena pabwalo kuti mabuku ndi chuma cha mudzi wonse, palibe amene adzapichira fodya m'masamba ake.

Kwa inu aphunzitsi, tsegulani makabati. Lolani ana asankhe okha buku limene afuna, ngakhale lioneke losavuta, ndipo musasandutse buku lililonse kukhala mayeso. Ana akuoneninso inu muli kuwerenga, pakuti mwana atsanza zimene aona kuposa zimene amva.

Kwa inu amayi ndi abambo, ngakhale amene simunapite kusukulu, musadzione ngati mulibe gawo. Madzulo, mutatha kudya, muuzeni mwana kuti, "Tandiwerengera, ndimve." Mfunseni za nkhaniyo, ndipo inunso mumkambire nthano imene mudziwa. Mpatseni nyali kapena tochi kwa kanthawi. Mwana akaona kuti amayi ake amvetsera, adzawerenga ndi mtima wonse.

Mutu umodzi susenza denga. Tsono ndipempha kuti tisabalalike lero tisanasankhe anthu asanu, amayi ndi abambo pamodzi, oti ayang'ane malo, apeze bokosi, ndi kulemba kalata yopempha mabuku mwezi uno usanathe. Aliyense amene ali ndi buku logona m'sutikesi abwere nalo pamsonkhano wotsatira. Tikayamba ndi mabuku 20, tayamba ndithu, ndipo ana amene ali ku Sitandade 1 chaka chino adzakula ali nawo.